Lameki, Nyamula Thumba la Chesi

Mkaika, Lachinayi masana

Lameki mwana wanga,

Ndikulemba kalata ino m'kalasi, ana atangoweruka. Iwe wapita kukatsanzika amalume ako kutsidya kwa dambo, ndipo amayi ako ali kalikiliki kukukazingira mtedza wa paulendo. Mawa ukunyamuka kupita ku sukulu ya aphunzitsi. Udabwa kuti anthu ogona nyumba imodzi akulemberanji kalata. Chifukwa chake ukuchidziwa. Chichokere Loweruka lija sitinalankhulane bwino. Ndikati ndikuyambe, iwe umangoti “Inde, Atate,” maso ali pansi, kenako wapeza ntchito kukhola. Sindikukudzudzula ayi. Koma sindingalole kuti upite ndi zimenezi mumtima, ndipo pepala lili ndi ubwino wake: ukhoza kuliwerenga panjira, popanda munthu wokuyang'ana pakamwa kuti uyankha chiyani.

Ndiyambe ndi za Lowerukalo, monga ndinazionera ine. A Mbewe, mlaliki wa ku Vubwi uja, atagona kwathu paulendo wawo, anaona thabwa la chesi pakhonde napempha kuti musewere. Anthu anaunjikana. Iwe unasewera bwino kwambiri. Unawadyera mfumukazi, unawadyera nsanja zonse ziwiri, mpaka anatsala ndi mfumu yokha, itapanikizika pangodya. Unabweretsa mfumukazi yako pafupi, unaimirira, unafuna kunena kuti “Mfumu yafa.” Mawu aja anakana kutuluka. Chibwibwi chinakugwira pa “m” pomwepo. Ndipo a Mbewe, mofatsa ndithu, anati, “Mwana wanga, sinafe ayi. Ilibe poponda, koma sunaiopseze. Talepherana.” Anyamata amene ankaonerera anaseka, wina n'kuyerekeza malankhulidwe ako. Unasesa thabwa lonse ndi dzanja n'kuchokapo. Madzulo unauza amayi ako kuti thumba la chesi sulitenga, ndipo unawonjeza kuti, “Mphunzitsi wachibwibwi anamuona ndani?”

Ndikudziwa kuti chimene chinakupweteka si masewera okha. Za chibwibwizo ndinenapo kutsogoloku. Koma choyamba ndikuuze kumene thumba limenelo linachokera, pakuti ndakhala ndikungokuuza modumphadumpha, ndipo sunamve kuti atate ako analakwitsa kangati asanadziwe zochepa zimene amadziwazi.

Chaka chimene Boma linkatenga anthu a mtengatenga pa nkhondo ya Ajeremani, iwe unali kamnyamata kothamangitsa mbuzi. Ine ananditenga pamodzi ndi amuna ambiri a kuno. Tinayenda kulowera kumpoto, matumba a ufa ali pamutu, mvula ikutithera pathupi. Kumeneko ndinagwidwa ndi kamwazi. Nditalephera kuyenda anandisiya pa msasa wa odwala, timisasa taudzu m'mbali mwa mtsinje umene dzina lake sindinalidziwe n'komwe. Anthu ankafa kawirikawiri, ndipo ine ndinatembenukira kukhoma n'kuyamba kudikira tsiku langa. Phala ankalibweretsa, ndinkangoliyang'ana.

Amene anagona mphasa yoyandikana ndi yanga anali a Bwanali, msilikali wachiyao wa ku Nyasalande, munthu wamkulu kale, chipolopolo chitawalowa m'ntchafu. Tsiku lina ndinamva ndodo ikundigogoda kumsana.

“Aphunzitsi, tatembenukani,” anatero. “Kufa mudzafa mawa. Lero mundithandizeko ntchito iyi.”

Nditatembenuka ndinaona kansalu ka tenti kolembedwa mizere ndi makala, ndi tizidole tochepa titaima pamwamba pake. Masewerawo anawaphunzira ali mnyamata, akugwira ntchito kwa wamalonda wina kugombe la nyanja ya mchere. Tizidoleto anatitola pa msasa umene Ajeremani anausiya pothawa, koma tambiri tinali titatayika. Panali mafumu awiri, mfumukazi imodzi, nsanja imodzi, ndi tiasilikali tingapo. A Bwanali tizidoleto ankatitcha “anthu,” ndipo timalo ta pansalu ankatitcha “nyumba,” monga timanenera ife mpaka lero. Ndiye ukuona, Lameki, ine chesi ndinaiyambira kumapeto. Sindinadziwe n'komwe kuti pali akavalo ndi mabishopu. Kwa ine masewera onse anali a anthu atatu kapena anayi.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kwa nsanja. A Bwanali anandipatsa mfumu ndi nsanja, iwo n'kutsala ndi mfumu yokha, nati, “Ipheni.” Ndinaganiza kuti n'zosavuta. Ndinaopseza mfumu yawo kuchokera uku, iyo inasuntha. Ndinaopseza kuchokera uko, inasunthanso. Dzuwa linapendeka ndikungothamangitsa, mfumu yawo ikungoyendayenda pakati ngati munthu wogula zinthu pamsika. Potsiriza anandifunsa, “Nanga mfumu yanuyo ikudikira chiyani kumbuyoko? Nayonso yatsegula m'mimba?” Ndinaseka, ndipo kunali kuseka kwanga koyamba chifikire pamsasapo. Kenako anandionetsa. Nsanja si yothamangitsira, ndi mpanda. Uiike pamzere woti mfumu ya mnzako isadumphe, uisiye pamenepo, uyambe kuyendetsa mfumu yako kufikira itayandikira. Ukatero uchepetse mpanda uja pang'ono, pang'ono, mpaka mfumu ya mnzako ifike m'mphepete mwa thabwa. Mafumu awiriwo akayang'anizana, nyumba imodzi yokha ili pakati pawo, ndi pamene nsanja imamenya motsata mphepete, nkhani yatha. Ngati sanayang'anizane, usapupulume. Suntha nsanja pang'ono motsata mpanda womwewo, kutali ndi mano a mfumu ija, umusiye mnzakoyo asunthe yekha. Kumbukira zimenezi, mwana wanga. Anthu akachepa pathabwa, mfumu isiye kubisala. Ituluke, ipite pakati, igwire ntchito. Iwe mfumu yako umaiiwala pangodya mpaka masewera kutha.

Kulakwa kwachiwiri ndi kwako komwe kuja, ndipo ine sindinakuchite kamodzi. Atandipatsa mfumukazi ndinasangalala, pakuti imayenda paliponse. Ndinakankhira mfumu ya a Bwanali pangodya, n'kuika mfumukazi pafupi kuti itseke njira zonse. Ndinaomba m'manja. Iwo anangopinda mikono nati, “Ndisunthe chiyani tsopano? Poponda palibe, ndipo simunandiopseze. Mwandimangira nyumba, aphunzitsi, zikomo. Talepherana.” Odwala amene ankaonerera anaseka, ena atagwira pamimba chifukwa cha ululu. M'mawa mwake ndinachitanso chimodzimodzi. Mkuja wake chimodzimodzi. Munthu wina wa ku Sinda, amene anali atafooka koti sankatha kukhala tsonga, ankandikuwira ali chigonere, “Aphunzitsi, lero mumanganso nyumba?” Manyazi ndinachita, sindikunama. Ndinali mphunzitsi, ndipo amene ankandisekawo ambiri sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi.

A Bwanali anandipatsa mankhwala ake. Anati ndikhalire dzanja. Ndithu, ndiliike pansi pa ntchafu, ndisalitulutse kufikira nditadzifunsa funso limodzi: ndikasuntha apa, kodi mfumu ya mnzanga itsala ndi poponda? Ngati yankho ndi ayi, ndipo sindikuiopseza, kusunthako n'koipa ngakhale kuoneke kokongola bwanji. Mfumu ikafika m'mphepete, uisiyire nyumba ziwiri zoti izipita ndi kubwera, mfumukazi iime chilili ngati mlonda, ndipo uitane mfumu yako ibwere idzamalize ntchito. Usaiwale, Lameki. Pamene watsala pang'ono kupambana ndi pamene dzanja limathamanga kuposa mutu. Likhalire.

Kulakwa kwachitatu kunanditengera nthawi yaitali kuti ndikumvetse. Ukudziwa kuti kamsilikali kakafika kumapeto kwa thabwa kamasanduka mfumukazi. Ine nditangomva zimenezi ndinkakathamangitsa kutsogolo, mfumu yanga ikutsatira m'mbuyo ngati nkhalamba. Nthawi zonse mfumu ya a Bwanali inkaima patsogolo pake, ndipo tinkathera kulepherana. Ndinayamba kuganiza kuti pali matsenga. Iwo anati, “Mwana satsogolera njira m'tchire. Mkulu ndiye amapita patsogolo kukagwetsa mame.” Mfumu ikhale patsogolo pa kamsilikali, osati kumbuyo. Ndipo pali chinthu china chimene ndikufuna uchiyesere mpaka uchidziwe ngati dzina lako. Mafumu awiri akayang'anizana, nyumba imodzi ili pakati, ali ngati anthu awiri okumana pamlatho wa mtengo umodzi. Amene nthawi yosuntha yamugwera ndiye amapatuka, mnzake n'kudutsa. Tsono uziwerengeratu kuti mukadzayang'anizana, wosuntha adzakhale mnzakoyo, osati iwe. Ndi kanthu kakang'ono, koma masewera ambiri amathera pamenepo.

Kulakwa kwachinayi ndimakukumbukira ndi chisoni, chifukwa kunachitika masiku otsiriza amene ndinakhala ndi a Bwanali. Ine ndinali nditayamba kuchira. Ndinkamaliza phala langa kuti ndipeze mphamvu zokhalira tsonga pansalu ija, ndipo ndinali nditayamba kuyenda ndekha kupita kumtsinje. Koma mwendo wa a Bwanali unatupa n'kuyamba kununkha. Tsiku lina iwo anali ndi mfumu ndi kamsilikali ka mzere wa m'mphepete, ine ndinali ndi mfumu yokha. Ndinaona kamsilikali kaja kakubwera, ndinati basi zatha, n'kugoneka mfumu yanga pansi. A Bwanali, amene ndinali ndisanawaonepo atakwiya, anandigwira dzanja mwamphamvu, thukuta lili kamukamu pamphumi.

“Idzutseni,” anatero. “Wakuuzani ndani kuti yafa?”

Ndinaidzutsa. Anandiuza kuti ndithamangire pangodya imene kamsilikali kaja kankalowera, ndikakhale pomwepo. Ndinatero. Iwo anayesa uku, anayesa uko, koma panalibe njira yonditulutsira, chifukwa kumbali inayo thabwa latha. Tinalepherana.

“Mwaona?” anatero, akupuma movutika. “Mukadagona pansi pachabe. Muziyang'ana kaye, aphunzitsi. Muziyang'ana kaye.”

Patapita masiku ochepa anabwera anthu ndi machila kudzawatenga kupita nawo ku chipatala chachikulu, kumene ankati akadula mwendowo. Akuwanyamula anandiponyera thumba la tizidole tija pachifuwa. Ndinati, “Nanga inu muzikasewera chiyani?” Anati, “Za ine zili m'mutu. Inu ndinu amene mukadali mbuli.” Anawatenga akuseka. Sindinamvenso za iwo. Nkhondo itatha ndinkafunsa msilikali aliyense wodutsa kuno, koma palibe amene anawadziwa. Kaya anachira, kaya anatsalira panjira, sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti pakadapanda ndodo yawo ija kundigogoda kumsana, iwe ukadakula wopanda atate.

Nditabwerera kuno ndinasema anthu otsalawo, akuda ndi phingo, oyera ndi mlombwa. Bwana wina wa ku mishoni ndiye anandionetsa kayendedwe ka akavalo ndi mabishopu, ndi kaikidwe ka anthu poyamba masewera. Koma ndinaphunzira nditakula, ndipo mpaka lero chiyambi chimandisokoneza, anthu amachuluka m'maso. Iwe si choncho. Wayamba dzana lomweli, koma poyamba ndi pakati umaona zinthu zimene ine sindiziona. Ndikamakupambana ndimakupambanira kumapeto kokha, chifukwa iwe anthu akachepa umatopa nazo, umaona ngati ntchito yatha kale. Sinathe, mwana wanga. Munda sutha ndi kupalira. A Mbewe ananena okha ponditsanzika, anati, “Mnyamata wanu uja wandidyera anthu onse, ndapulumukira pangodya ngati mbewa. Mumuuze asakhumudwe. Akangodziwa kumaliza, ine sindidzakhalanso naye pathabwa.”

Tsono ukafika kumeneko uzichita chonchi. Loweruka, ntchito ya kumunda wa sukulu ikatha, usamathire anthu onse pathabwa. Tulutsa mafumu awiri ndi nsanja imodzi, uzisewera mbali zonse ziwiri wekha mpaka kupha kwa nsanja kukhale kosaganizira. Kenako mfumukazi. Kenako kamsilikali kamodzi, ukaike pakati, ukaike m'mphepete, uyambitse mbali iyi, uyambitsenso inayo, uone kusiyana kwake. Ukamatchinjiriza uzitchinjiriza ndi mtima wonse, osadzinyengerera. Ukapeza wosewera naye, ndipo ndamva kuti pakati pa aphunzitsi a kumeneko alipo odziwa, masewera akatha usafulumire kulongedza. Bwezera anthu pamene anali chakumapeto, umufunse kuti, “Apa ndikadatani?” Munthu amene wakupambana amakonda kufotokoza, sadzakukaniza. Ndipo usamapewe okuposa. Ine ndinaphunzira kwa munthu amene sindinamupambanepo n'kamodzi komwe.

Maphunziro ako akhale patsogolo, chesi pambuyo. Lamulungu thumba likhale lomanga, ukudziwa mwambo wathu. Wina akati mubetcherane kanthu, ngakhale chinangwa chootcha, ukane. Ndipo ngakhale zikupweteke bwanji, usadzasesenso thabwa. Kavalo mmodzi woyera anathyoka khosi tsiku lija. Ndamulumikiza ndi kamsomali ndi utomoni, akupendekeka pang'ono koma akuima. Sindikunena izi kuti uchite manyazi. Ndikungofuna uzimugwira bwino.

Tsopano za chibwibwi. Pali chinthu chimene sindinakuuze. Mwezi watha uja, tsiku limene ndinabwerako msanga kumaliro, ndinakupeza pakhonde ukuphunzitsa amayi ako za mafumu oyang'anizana. Simunandione, ndinaima kuseri kwa nkhokwe. Ndinamvetsera nthawi yaitali ndithu. Unawafotokozera, iwo sanamve. Unafotokozanso mwa njira ina, sanamvebe, akuseka kuti mutu wawo ndi wa mtondo ndi munsi. Sunapse mtima. Unachotsa kamsilikali, n'kusiya mafumu okha, unawauza kuti ayese kukudutsa. Kenako ndinamva akukuwa, “Ooo! Ndiye kuti wosunthayo ndi amene waluza njira!” Lameki, nthawi yonseyo mawu ako anagwira kawiri kapena katatu, ndipo iwe sunasamale, unangodikira n'kupitiriza, chifukwa mtima wako unali pa amayi ako, osati pa lilime lako. Ine ndaphunzitsa zaka zambiri, ndipo ndikukuuza kuti chimene ndinamva kuseri kwa nkhokwe kuja ndi uphunzitsi. Umboni wake ulipo: sabata yotsatira amayi ako anandikhalitsa pansi, n'kundifikitsira kamsilikali kumapeto ine ndikuyang'ana. Mpaka lero akunditonza nazo.

Sindikukulonjeza kuti chibwibwi chidzatha. Mwina chidzachepa, mwina udzakalamba nacho. Sindikukulonjezanso kuti sadzakuseka. Tsiku loyamba limene adzakuimike patsogolo pa anzako kuti uphunzitse, alipo amene adzaseke, ndipo mtima udzakuuza kuti umange katundu ubwerere ku Mkaika. Ukabwera sitidzakuthamangitsa, pano ndi kwanu. Koma usanamange katunduyo uyang'ane kaye. Mawu akagwira, ima, puma, uwadikire. Asekewo atopa okha. Ukatero umalize chimene unayamba kunena, ngakhale chituluke mochedwa. Ana a m'midzi muno safuna mphunzitsi wothamanga pakamwa. Akufuna munthu amene sawataya akalephera kumva koyamba, ndipo iwe ukudziwa kupweteka kwa kusekedwa kuposa ife tonse. Mwana wamanyazi adzapuma m'kalasi mwako.

Za paulendo amayi ako akuuza zambiri, ine ndingowonjeza pang'ono. Uyende limodzi ndi anzako aja, usatsalire m'mbuyo chifukwa chofuna kukhala wekha. Madzi a m'zithaphwi usamwe ngakhale ludzu likule, ndikudziwa chimene ndikunena. Bulangete lofiira lija ndi lako tsopano. Ukafika upereke moni kwa akuluakulu ndi manja awiri, ndipo dzina lako ulinene wekha, wina asakunenere.

Thumba ndaliika pansi pa malaya ako m'mtolo, thabwa ndalimangirira kunja. Ukafuna kulisiya, ulitulutse uliike pakhonde, sindidzanena kanthu. Koma ndikupempha ulitenge, chifukwa ndili nawe ntchito. Wamtengatenga wa makalata a ku mishoni amadutsa kuno mwezi ndi mwezi, ndipo ndikufuna tizisewera ngakhale tili kutali. Ukafika, yala thabwa, usankhe mzere umene mfumu yoyera imayambira. Oyera ndi ako. Kuwerenga kuchokera mbali yako, ika kamsilikali kako panyumba yachitatu, mfumu yako panyumba yachisanu, mfumu yanga yakuda panyumba yachisanu ndi chiwiri, onse mumzere umodzi womwewo. Woyamba kusuntha ndiwe. Uganize bwino, undilembere kusuntha kumodzi kokha, pamodzi ndi nkhani za kumeneko, zabwino ndi zoipa zomwe. Ine ndidzayankha kwanga.

Usadandaule kuti ine nditsala ndi chiyani. Ndalemba kale mizere ndi makala pakhonde kuseri kwa mtondo. Mfumu yanga ndi mwala wakuda, yako ndi mwala woyera, ndipo kamsilikali kako ndi njere ya chimanga. Ndiye uyankhe msanga, mwana wanga, nkhuku za amayi ako zisanakudyere msilikali.

Mulungu akutsogolere panjira, akakufikitse bwino.

Ndine atate ako,
Yohane